A Sikelo ndi Nkhope ya Wachisoti

M'mawa uliwonse, asanapachike nyama pa mbedza, achimwene anga ankatembenuza ndowa yakale pakhomo pa butchala n'kukhalapo. Ankayamba apukuta chala chachikulu pa epuloni, ngakhale chinali chisanagwire kanthu, kenako n'kutulutsa foni. Munthu akabwera nthawi imeneyo kudzafuna nyama, ankamuyankha ali chiweramire: "Ng'ombe ikadavula malaya, mayi, tazungulirani kaye kwa a tomato." Anthu anazolowera. Ankazunguliradi.

Zimene ankaona pafonipo sanali akazi, ngakhale amayi a tomato ankawanena choncho. Zinali zithunzi zojambula pamanja. Pali nkhani ina ya zithunzi imene imatuluka pafoni sabata ndi sabata, dzina lake Mzinda wa Utsi. Amene amailemba sitimudziwa, amati ali kutali. M'nkhanimo muli mtsikana womenya nkhondo ndi unyolo, ndiye muli mdani wake, Wachisoti, chimunthu chovala chisoti chachitsulo chophimba nkhope yonse, chimene chimathyola anthu mikono ngati nkhuni. Okonda nkhaniyo anapanga gulu lawo pafoni, ndipo mwezi uliwonse pamakhala mpikisano. Amapereka mutu, anthu ajambule, gulu livote. Achimwene sankasankha opambana ayi. Ntchito yawo inkayamba mavoti akatha. Ankatenga zithunzi zitatu zopambanazo n'kuziyeza, n'kulemba chimene chakoma ndi chimene chaphonya. M'gulumo ankawatchula kuti a Sikelo, ndipo dzinalo linatuluka m'foni n'kufika pamsika, mpaka mayi athu anayamba kuwaitana choncho.

Ine ndinkatsuka zam'kati kuseri kwa butchala, mwana ali kumbuyo. Bambo a mwana amayenda ndi lole, amabwera mwa apo ndi apo, ndiye achimwene anati m'malo momangoyang'anizana ndi makoma ndizibwera kudzathandiza. Sindine wolankhulalankhula. Makasitomala ena ankawafunsa ngati ndimamva.

"Amamva kuposa inu," ankatero. "N'chifukwa chake sakukuyankhani."

Eni akewo kujambula sankatha. Ankakukonda kuyambira ali mwana, moti bambo athu anawakwapulapo ndi chingwe cha wailesi chifukwa chodetsa khoma la landilodi ndi makala, koma dzanja silinawamvere. Akajambula hatchi inkatuluka mbuzi. Akajambula munthu inkatulukabe mbuzi yomweyo, kungoti yaimirira. Ankadziseka okha. "Maso ndili nawo, chemwali, koma dzanja ili linabadwira chikwanje."

Kuyeza kwawo kunali kotere. Ankakuza chithunzi ndi zala ziwiri n'kuyamba ndi manja a munthu wojambulidwayo, kenako mapazi, nkhope pomalizira. Akatero ankazondotsa foni, ati chithunzi chonama chikazondoka chimagwa chokha. Nthawi zina ankandiitana manja anga ali matumbo okhaokha: "Tabwera uone phewa ili. Lingazunguze unyolo limeneli, kapena lingazuke?" Ine ndinkangoti lingazuke, iwo n'kusangalala ngati ndanena zanzeru. Polemba ankagwiritsa chala chimodzi, milomo ikugwedera.

Zina zimene analemba ndimazikumbukirabe. Kwa wina amene anakhala wachitatu anati: "Mwana wathu Pensulo Yofupika, magazi akowa ndi a ng'ombe ziwiri, pamene munthuyo wangochekedwa pachala. Chepetsa. Koma maso a mtsikanayu wawapeza, akundiyang'ana mpaka pano." Kwa wina anati: "Nkhonya iyi ikafika, wothyoka akhala womenyayo, chifukwa chala chachikulu wachitsekera m'kati. Utsi wako wokha ndiye ndavula chipewa." Sankatukwana, koma ena ankapsa mtima, kutuluka m'gulu, mawa lake n'kubwereranso. Wina anatumiza mawu oti ndikupezani, mudala, mudziwanso. Iwo anayankha kuti, "Ubwere ndi pepala, tidzakonze mwendo uja." Zoopsezana za pafoni zinkathera pomwepo. Zimene zinawapeza zinachokera pamsika.

Pamsika pathu pali alonda, ndipo mkulu wawo anali bambo wina wodzitcha Kaputeni, ngakhale usilikali anangouonera pa kanema. Khutu lake lakumanja linali loduka pamwamba, amati analumidwa pa ndewu, ndipo chala chaching'ono cha dzanja lamanja chinali chopindikira kunja. Pomenya munthu sankakalipa. Ankayamba atambasula chikhatho pamwamba pa nkhope yako, pang'onopang'ono, kuti uchione bwino, kenako n'kuchitsitsa. Tsiku lina anagwira bambo wina ataba sopo. Anamugoneka pa simenti patsogolo pa butchala yathu, jombo ili pakhosi, n'kumamenya m'mawondo ndi chibonga mpaka phokoso linasintha. Linasiya kumveka ngati pa thabwa, linayamba kumveka ngati pa matope.

"Wakwana, Kaputeni," anatero achimwene ali pakhomo.

"Iwe dula nyama yako, ine ndidule yanga."

Bambo uja anamunyamulira pa wilibala.

Mkazi wa Kaputeni ankakhala mdadada umodzi ndi ife, chitseko chakumapeto. Tonse tinkangoti mayi a mapasa. Anali wamng'ono thupi, wolankhula motsitsa ngati ine, mwina n'chifukwa chake tinkagwirizana. Pa mpopi masiku ena ankachapa ndi dzanja limodzi. Masiku ena ankamanga mpango mpaka m'maso dzuwa likuswa mtengo. Palibe ankafunsa, chifukwa makoma a nyumba zathu ndi opyapyala, yankho tinkalimva kale. Foni yawo anaiswa mwamuna wawo, ndiye Mzinda wa Utsi ankawerenga pa yanga zovala zili m'madzi. Akabwera kudzagula mafupa ankaima nthawi yaitali kumvetsera achimwene akufotokozera makasitomala za mapewa ndi mithunzi, mapasa akuwakoka nsalu.

Mwezi wina mutu wa mpikisano unali wakuti: Muvuleni chisoti. M'nkhanimo palibe anaonapo nkhope ya Wachisoti, ndiye aliyense ajambule mmene akuganizira. Gulu linapenga. Ena anajambula chigaza, ena nkhope ya fisi, wina anajambula kankhope ka khanda pa chithupi chonsecho.

Mayi a mapasa anabwera masana ena msika utazizira, anthu atachepa. Anadikira kasitomala womaliza atuluke, n'kutulutsa m'dengu chinthu chokulunga m'nsalu. Chinali chidutswa cha katoni ya sopo.

"A Sikelo, pepani, tangoonaniko. Si zenizeni. Ndimangosewera ndi makala."

Achimwene anasamba m'manja ndi sopo, zimene sankachitira munthu wamba, n'kulandira katoniyo. Ine ndinasuzumira paphewa pawo. Wachisoti anali atajambulidwa ngati ukumuona uli chogona pansi. Chisoti chinali chitang'ambika mbali imodzi, n'kuonetsa diso limodzi, tsaya, ndi khutu. Diso silinali lolusa. Linali lodekha, ngati la munthu amene akusenda mbatata. Pafupi kwambiri ndi iwe woonawe panali chikhatho chotambasula, chachikulu kuposa mutu wake, chikutsika. Magazi panalibe ndi dontho lomwe.

Achimwene anazondotsa katoniyo.

"Sichikugwa," anatero. "Mayi, mwaphunzira kuti zimenezi?"

"Palibe. Ndimangojambula ana akagona masana, kenako ndimasonkhezera pa mbaula."

"Mumawotcha? Zoterezi?" Anagwira kumutu. Kenako anayandikitsa katoniyo kumaso. "Koma khutu ili, mayi."

"Ndi khutu basi."

"Ndi chala ichi?"

"Ndi chala basi, a Sikelo."

Anayang'anana. Mayi a mapasa ndi amene anayamba kuyang'ana pansi, n'kunena kuti mwamuna wawo nkhani za zithunzi amati ndi za ana, sangaziwerenge ngakhale mutawalipira. Anati akungofuna kamodzi kokha anthu aone, chisanapse. "Koma dzina langa lisamveke. Ndapota nanu. Likamveka, mapasa awa mulera ndinu."

"Dzina lanu lathera pa sikelo pano," anatero achimwene. Anachijambula ndi foni yawo, n'kuchitumiza ku mpikisano pa dzina loti Dzanja la Makala. Katoniyo mayi a mapasa anaitenga, madzulo ake anaphikira nyemba.

Chinapambana, ndipo chinasiya anzake kutali. Achimwene tsiku limenelo anachedwa kutsegula, anthu a nyama mpaka anayamba kugogoda pa kauntala. Analemba za wachitatu, analemba za wachiwiri wa nkhope ya khanda uja kuti watiseketsa koma khosi waliiwala, kenako anafika pa woyamba. Anandiwerengera asanatumize:

"Woyamba, Dzanja la Makala. Enanu mwajambula zilombo, uyu wajambula munthu, n'chifukwa chake tikuopa. Taonani diso, silikukwiya, lili pa ntchito. Taonani pamene watiika ife oonera: pansi. Magazi palibe chifukwa khofi silinafike, ndipo nthawi yowawa kwambiri ndi imeneyo. Chophonya chilipo chimodzi, phazi lakumanzere lachepa. Koma dzanja ili musalikhudze. Amene wajambula dzanja ili analiona pafupi, ali pansi, ndipo si kamodzi."

Ndinawauza kuti mzere womalizawo achotse. Anati, "Chemwali, ndiye pamene pagona chithunzi chonse. Ndikachotsa ndabera sikelo." Anatumiza.

Chimene tonse atatu sitinachiganizire ndi ichi. Gululo lili ndi chizolowezi chake: chithunzi chikapambana, aliyense amachiika pa nambala yake, pamalo pamene pamakhala nkhope yake, mwezi wonse, kulemekeza wojambula. Achimwene ankachidziwa bwino chizolowezicho, anali m'gulu la amene anachiyambitsa. Koma mutu wawo unali pa mizere ndi mithunzi. Kwa iwo gulu linali dziko lina, msika dziko lina. Anaiwala kuti mtsikana wa ku saluni ali m'gululo, ndi okonza mafoni, ndi makondakitala angapo, ndi mwana wa amayi a tomato. Pofika mawa lake, ukati uimbire munthu pamsika, chinkakulandira ndi chikhatho cha chala chopindika.

Anthu akutali ankangoona Wachisoti. A pamsika anayamba kukuza chithunzicho ndi zala. Kuseka kunayambira ku saluni n'kutsika mzere wonse wa nsomba. Kaputeni akamadutsa, wina kumbuyo ankati, "Chisoti chagwa!" ena n'kubisa nkhope m'matumba a anyezi. Achimwene analemba m'gulu kuti chonde aliyense achotse chithunzicho. Akutali anafunsa kuti chifukwa chiyani, iwo sakanatha kufotokoza. Ena anachotsa, ambiri anati a Sikelo ayamba nsanje.

Kaputeni anabwera ku butchala tsiku lotsatira m'mawa, anyamata ake awiri ali pambuyo. Anaika foni ya munthu wina pa mbale ya sikelo, chithunzi chili poyera.

"Tayeza ichi."

"Sitigulitsa mafoni kuno, Kaputeni."

"Akuti iwe ndiye mphunzitsi wake wa zimenezi. Akuti wajambulayu anandiona ali pansi." Analankhula mofatsa, akusisita chipika chodulirapo nyama. "Amene anandionapo ali pansi pamsika uno ndi ambiri. Undithandize kuchepetsa."

"Mayina a m'gulu ndi ongopeka. Wina ndi Pensulo Yofupika, wina ndi Mphaka wa Abwana. Ndiwadziwa bwanji?"

"Uganize. Ndibweranso."

Atatuluka, achimwene anapitiriza kudula nthiti, koma anaphonya fupa kawiri konse, zimene sindinawaonepo. Madzulo pa mpopi mayi a mapasa sanabwere. Ndinawaona pawindo lawo atagwira katani. Mwamuna wawo sankadziwa kuti amajambula. Kwa iye anali munthu wochapa ndi kuphika, ndipo moyo wawo unatsamira pa kusadziwa kumeneko.

Mawa lake masana tinamva kukuwa kumzere wa mashopu. Kumeneko kuli bambo wina wolemba zikwangwani, amene amajambula mitu yometa pa makoma a ometa tsitsi ndi nkhuku pa mashopu a chakudya cha ziweto. Kaputeni anamumenyapo kale pa nkhani ya malo. Anyamata aja anamukoka kuchokera pa makwerero, penti n'kutayika, n'kumukhwekhwereza mpaka pabwalo la pakati pa msika. Anaponda mkono wake pansi. Kaputeni anagwada, n'kutenga chala cholozera cha bamboyo, n'kuchipinda chammbuyo mpaka chinalira ngati kamtengo kouma.

"Sindine! Ine ndilibe ndi foni yomwe ya zithunzi! Mayo ine!"

"Zatsala zinayi," anatero Kaputeni, n'kugwira chachiwiri.

Achimwene anavula epuloni. Ndinaona akutenga chikwanje, koma anachilowetsa pansi pa kauntala pamodzi ndi mipeni yonse, n'kundiuza kuti, "Ukhome, kiyi usunge iwe. Ndingakupemphe bwanji, usandipatse." Anatuluka manja ali lende.

"Musiyeni mkuluyo, Kaputeni. Iyeyo nkhuku zake zimaoneka ngati abakha, angajambule inu? Ndinajambula ndine."

Ndinakhoma, n'kuwatsatira mwana ali kumbuyo. M'khamumo ndinaona mayi a mapasa, dengu lili m'manja, ana atawagwira m'miyendo.

Kaputeni anaimirira n'kupukuta mawondo. "Iwe?"

"Ine. Ndimakuonani tsiku ndi tsiku. Khutu lanulo ndingalijambule nditatsinzina."

"Unandiona liti uli pansi?"

"Ndimakhala pa ndowa m'mawa uliwonse, inu mukudutsa."

Ena anaseka, n'kudzigwira pakamwa msanga. Kaputeni sanaseke. Anatuma mnyamata wake kukatenga katoni ndi khala kwa amayi a makala. Anaziponya pamapazi pa achimwene.

"Jambula. Ndaima pano."

Achimwene anagwada. Anagwira khalalo ngati mmene amagwirira mpeni. Anayesetsa, ndinaona thukuta likudontha pa katoni, anayamba ndi dzanja monga ankaphunzitsira ena, koma zala zinatuluka ngati nthochi. Anafufuta ndi chigongono, n'kuyambanso. Atafika pa mutu, ine ndinatseka maso, chifukwa ndinadziwa chimene chikubwera. Kaputeni anatola katoniyo n'kuionetsa kwa anyamata ake.

"Mbuzi," anatero mmodzi.

"Lero dzanja lauma," anatero achimwene. "Mukundiopsa."

Kaputeni anawalanda foni, n'kufufuza, koma munalibe china koma chithunzi chija ndi dzina lopeka. Anaiika pansi n'kuiphwanya ndi chidendene cha jombo. Kenako anatambasula chikhatho pamwamba pa nkhope ya achimwene, amene anali chigwadire, n'kuchisiya m'mwamba kanthawi.

"Ndani?"

"Phazi lakumanzere analichepetsa," anatero achimwene. "Koma dzanjali ndiye ndi lomweli."

Khofi loyamba linawagwetsera chammbali. Achimwene anali munthu wamphamvu, wonyamula mwendo wa ng'ombe paphewa limodzi, ndipo anadzuka n'kumukankha Kaputeni mpaka anakagwera pa benchi ya nsomba. Pamenepo anyamata aja analowapo ndi zibonga. Wina anamenya kumbuyo kwa bondo, wina pamsana. Atagwa, Kaputeni anabwera akudzichotsa mamba pa yunifolomu, n'kuyamba ndi jombo. Sankamenya kumutu. Ankasankha m'nthiti ndi m'mimba, mbali imodzimodzi, akamenya n'kufunsa, akamenya n'kufunsa. Ndani. Ndani. Amayi a tomato ankakuwa kuti mupha munthu inu, amuna ankangoyang'ana pansi. Achimwene anadzipinda, magazi akutuluka m'kamwa n'kumayenda pa simenti kulowera ku ngalande.

Ndinaona dengu la mayi a mapasa likugwa. Anachotsa manja a ana m'miyendo mwawo, n'kuponya phazi kutsogolo, kukamwa kutatseguka. Achimwene nawonso anawaona, diso limodzi linali likadapenya. Anakweza mawu, osayang'ana kumene kunali mayiwo, ngati akuuza msika wonse:

"Aliyense akhale pamene ali! Nyama yatha, mubwere mawa!"

Ine ndinamasula mwana kumbuyo n'kuwaunjika naye pachifuwa mayi a mapasa. "Tandigwirireni," ndinatero. Mwana anayamba kulira, iwo anamugwira, manja onse awiri anadzaza. Ndinathamanga n'kukadzigwetsa pa achimwene. Jombo imodzi inandipeza paphewa. Kenako makondakitala anabwera gulu kuchokera ku siteji atatola miyala ndi zitsulo zamatayala, mwala wina unamung'amba pachipumi mnyamata mmodzi wa Kaputeni, ndipo alonda anabwerera chammbuyo akuzunguza zibonga. Apolisi anafika zonse zitatha.

Tinawanyamulira pa kagalimoto kobweretsa nyama. M'njira ankandifunsa ngati ndakhoma, ndi ngati wa zikwangwani uja wamutenganso wina. Kuchipatala anati nthiti zathyoka ndipo magazi akutayikira m'kati. Anawang'amba pamimba madzulo omwewo. Mawa lake anatsitsimuka, anamwa madzi pang'ono, anaseka ndi namwino kuti wasoka bwino koma mzere wapinda. Mayi athu anati basi achira. Koma mimba inayamba kutupa, ndipo khungu linasanduka ngati phulusa.

Kaputeni anagona kupolisi, n'kutuluka pa belo. Kuntchito anamuimitsa, ndiye ankangokhala pakhomo pake pampando, kuyang'ana aliyense wodutsa. Mmodzi wa anyamata ake ankakhala pa benchi ya pageti la chipatala nthawi yoona odwala, akudya mtedza, kuona amene akulowa. A m'gulu anabwera ambiri, ena sitinawaonepo n'kale lonse. Ankafika pabedi n'kunena mayina awo opeka, achimwene n'kumati, "Ndiwe Pensulo Yofupika iwe? Ndevu zonsezi?" Wina anabweretsa chithunzi chowajambula iwo atanyamula sikelo ngati chishango. Anachiyang'ana, n'kupempha kuti achizondotse, n'kunena kuti mkono watalika.

Mayi a mapasa anandipeza pa mpopi m'mawa, mwamuna wawo ali kubafa. Anatsegula madzi kwambiri kuti mawu asamveke. Anati sakugona, sakudya. Anati apita kuchipatala masana amenewo, akagwade pabedi, kenako akanene kupolisi kuti wojambula ndi iwo, chichitike chichitike. Ndinawapempha kuti adikire ndikawafunse kaye eni ake.

Ndikulemba izi tsopano chifukwa zinthu zinasintha. Achimwene atamwalira mlandu unakula, wa zikwangwani ndi amayi a tomato anakaima m'khoti, ndipo Kaputeni ali kundende. Mayi a mapasa anatengedwa ndi alongo awo, ali kutali ndi ana, ndipo andilola okha kuti ndinene. Koma masana amenewo zonsezi kunalibe. Kunali bambo atakhala pampando pakhomo pake, ndi mnyamata wa mtedza pageti.

Ndinawapeza achimwene ali okha, mayi athu atapita kukachapa. Milomo inali itauma, mpweya ukutuluka mwapang'onopang'ono. Ndinawerama n'kuwanong'oneza zimene mayi a mapasa ananena. Anatsegula maso n'kundigwira pamkono, mwamphamvu moti zala zinadinda. Anamwalira mawa lake dzuwa litangotuluka, osalankhulanso, ndiye mawu awa ndi amene anali omaliza kundipempha.

"Ukawauze asabwere kuno. Akabwera, nthiti zangazi zathyokera chabe." Anapuma. "Ndipo zikavuta, chemwali, pamaliro pomwe asabwere. Anthu akamadutsa ndi bokosi, iwo azichapa."